Anagawana Magalasi Ngati Mipango

Ndili ndi bokosi lachitsulo limene ndimasungamo mapepala. Muli kalata imene anandilembera ntchito ya ukalaliki pa msika wa mbewu, setifiketi ya ukwati wathu, makadi a sikelo a ana, ngakhale a awiri amene anatisiya ali makanda, ndiponso malisiti a feteleza amene inki yake inazimiririka kalekale. Pansi pa zonsezi pali kabuku ka tivi, fulashi yokulunga m'kansalu, ndi magalasi amodzi otuwa, okalikakalika. Zinthu zitatu zimenezi ndizo zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Anthu a kumudzi kwa akazi anga amauza aliyense kuti ndinakangana nawo chifukwa cha tivi, ngati kuti ine, munthu wa imvi, ndinkalirira mpira ndi mafilimu omenyana. Si choncho. Tivi imeneyo inali malo okhawo pa dziko lino pamene akazi anga ankayendabe ndi kutambasula dzanja atamwalira. Anthu aja anawononga malowo dzuwa likuswa mtengo, akuseka, ndipo mpaka lero palibe mmodzi amene anabwera kudzanena kuti tinalakwitsa.

Ine kwathu ndi ku Matandani, kumtunda. Ndinakwatira kuchigwa, m'mudzi wina pafupi ndi Lisungwi, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala komweko pachikamwini. Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha pa dothi la eni ake, ndinabzala mango, ndinakumba chimbudzi katatu. Mwana amene anakula ndi mmodzi yekha, wamwamuna. Atamaliza sukulu anapita ku Joni, kumene anapeza ntchito m'sitolo yokonza ndi kugulitsa zipangizo zamagetsi zakale.

Chaka china anabwera kudzationa nthawi yokolola nandolo. Anabwera ndi kakamera kodabwitsa, kokhala ndi maso awiri otalikirana ngati a munthu. Anapeza amayi ake ali pakhonde, lichero m'manja.

"Amayi, tayang'anani kuno."

"Ndiyang'ane kumeneko, nandoloyu apete ndani?"

"Petani basi, koma lichero muzilozetsa kwa ine."

"Kuti mankhusu akulowe m'maso? Joni yakupusitsa iwe. Chotsa chinkhanira chakocho."

Koma anapeta ndithu, akuseka. Mankhusu anauluka kulunjika kamera. Kenaka anatapa nandolo m'dzanja n'kumutambasulira mwana wawo kuti aone mmene anakhwimira. Pomaliza anatembenukira kumene ndinaima ine, kumbali, n'kukuwa kuti, "Bambo ake, mwaima pamenepo ngati chitsa bwanji? Bweretsani thumba!" Filimu yonse ndi yomweyo. Munthu sangamalize kapu ya tiyi isanathe.

Mwanayo atabwerera, anatitumizira tivi kudzera kwa anthu aja onyamula katundu wa a ku Joni. Inali yogwirapo kale ntchito koma yabwino. M'katoni munali rimoti, fulashi yosungamo filimu ija, kabuku, ndi magalasi anayi m'kapulasitiki. Pa lisiti la onyamula katundu panalembedwa dzina langa, poti foni inali yanga. Pa katoni, mwanayo analemba ndi cholembera chakuda mawu aakulu akuti AMAYI. Panthawiyo sindinaone vuto lililonse pa zimenezi.

Ine sindiyatsa chinthu ndisanawerenge pepala lake. Ndinakhala pakhonde n'kuwerenga kabuku konse, akazi anga akundinyoza kuti tiviyo ichita dzimbiri ndisanafike tsamba lomaliza. Zimene ndinaphunzira ndi izi. Kamera ya maso awiri ija imajambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china cha diso lamanja, china cha lamanzere. Tivi imaziluka pamodzi, mzere uwu wa diso ili, wotsatira wa diso linalo, mpaka pansi. Pamwamba pa galasi la tivi pali kachikopa kopyapyala kamene kamapota kuwala, kwa mizere ina kumapotokera kumanja, kwa inayo kumanzere. Ndiye magalasi aja ndi sefa. La kumanja limalola kuwala kwake kokha, la kumanzere chimodzimodzi. Diso lililonse likalandira chithunzi chake, mutu umaziphatikiza, ndipo zinthu zimaoneka ndi kutsogolo ndi kumbuyo, monga mmene timaonera pabwalo. Popanda magalasi, chithunzi chimaoneka cha mbuu, munthu aliyense ali ndi mthunzi wake pambali. Popanda tivi ya kachikopa kaja, magalasi ndi pulasitiki wamba, osatchinga n'dzuwa lomwe.

Sindinangokhulupirira kabuku. Ndinayesa ndekha. Ndinavala magalasi n'kudziyang'ana pa kalilole, diso limodzi nditatsinzina. Galasi la diso lotsegula linaoneka lakuda bii, la diso lotsinzina loyera. Nditasintha diso, mdima unasamukanso. Pamenepo ndinadziwa kuti magalasi aja ali ndi ntchito yeniyeni. Kabuku kananenanso kuti maso a woonera akhale molingana ndi pakati pa tivi, apo ayi zithunzi zimasakanikirana. Ndinapita kwa kalipentala ndi muyeso wanga, anatikhomera katebulo, ndipo pansi pa simenti ndinalemba ndi choko pamene miyendo ya mipando iyenera kukhala. Akazi anga akakolopa, ndinkalembanso.

Tsiku loyamba tinadikira kuti sola idzaze batire, tinatseka makatani, n'kukhala pa mipando yathu. Ndinawaveka magalasi, iwo akudandaula kuti aoneka ngati wakuba. Filimu inayamba. Mankhusu atauluka, anazinda n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

"Mayo ine! Zinyalalazi zilowa m'nyumba!"

"Mwapeta nokha, mayi."

Dzanja la nandolo lija litatuluka m'tivi n'kufika pakati pa chipinda, anatambasula lawo kuti alandire. Anagwira mphepo. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti, "Koma mayi ameneyu ndi waulesi, taonani mmene wagwirira lichero." Anandiuza kuti ndibwereze. Tinabwereza mpaka batire inalira.

Alendo ankabwera kudzaona, koma ambiri ankafuna mafilimu ena. Achimwene a akazi anga, amene ndi mwini mbumba ya pamudzipo, anakana kuvala magalasi. Anati iwo si mwana woti azisewera ndi zidole, ndipo mlongo wawo amamuona tsiku ndi tsiku popanda thandizo la azungu. Anangofunsa ngati tiviyo ingagwire mpira wakunja. Ndikukumbukira mmene anayendetsera dzanja m'mphepete mwake, ngati munthu amene akuyesa mbuzi pamsika.

Patapita zaka zingapo akazi anga anadwala. Sindilemba za matendawo. Mabuku a kuchipatala onse ndili nawo, ndipo sindiwatsegula. Anamwalira nthawi yotentha, mango asanapse. Mwana wathu sanabwere, poti mapepala ake a kumeneko sanali bwino ndipo akanatuluka sakanaloledwa kulowanso. Mwana wa munthu wosunga mapepala, kukhala kunja wopanda mapepala! Zimenezo zinandipweteka mwa njira yakeyake, koma si nkhani ya lero.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinatsala ndekha m'nyumba kudikira tsiku lometa. Masana aliwonse batire ikadzaza, ndinkatseka makatani, kuvala magalasi, n'kukhala pa mpando wanga. Mpando wawo sindinausunthe pa choko. Ndinali ndi zithunzi zawo za papepala, inde, koma munthu wa papepala ndi wophwatalala ngati tsamba. Muja munali mapewa, munali mpata pakati pa iwo ndi khoma, munali dzanja lofika pamene ndingaligwire. Sindinali wopenga. Ndinkadziwa kuti ndi kuwala kopotedwa ndi sefa ziwiri, ndinawerenga ndekha. Koma akanena kuti bweretsani thumba, ndinkayankha kuti ndikubwera.

Tsiku lina mng'ono wa malemu analowa ndi mbale ya chakudya osaodira. Anandipeza nditavala magalasi mumdima, mawu a mkulu wake akumveka.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Khalani apa muone. Valani awa."

Ndinkaganiza kuti ndikumuchitira zabwino. Anavala monyinyirika. Dzanja la nandolo litamufikira, anakuwa, anaponya magalasi pansi, n'kuthawira panja mbale itagwa. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa ku Matandani akusunga mzimu wa mkazi wake m'nyumba, ndipo amauitana ndi magalasi akuda. Amayi ena amene ndinkapemphera nawo mpingo umodzi anayamba kulambalala khomo langa.

Tsiku lometa linafika, ndipo linali lomwelo logawa katundu wa malemu ndi kundisudzula ine kuti ndibwerere kwathu. Zimenezi sindinatsutse. Ndinkadziwa kuyambira tsiku la ukwati kuti nyumba ndi mango zidzatsala. Anayala mphasa pansi pa mtengo umene ndinabzala ndekha, n'kutulutsa zinthu. Alamu anga, mwini mbumba uja, anakhala pa mpando wa malemu. Anachita kuuchotsa pa choko.

Kumeneko amagawa motere: chinthu chilichonse chimanyamulidwa m'mwamba, n'kutchulidwa amene atenge, kuti wachibale aliyense apite ndi kanthu kokumbukira ndipo katundu wa womwalira asaunjikane malo amodzi. Zitenje zinapita, mipango inapita, mapoto, ndowa, lichero lija. Ine ndinakhala pambali, bokosi langa lili pamiyendo. Kenaka anyamata anatulutsa tivi, ili m'katoni yake, poti katoniyo ndinaisunga bwinobwino pamwamba pa kabati. Chisamaliro changa chomwe ndicho chinawapatsa umboni.

"Apa palembedwa kuti amayi," anatero alamu. "Aliyense akuona. Imeneyi ikhala kwa ine, ndiisunge m'malo mwa mbumba."

Ndinatsegula bokosi n'kutulutsa lisiti la onyamula katundu. Ndinaliwerenga mokweza, dzina langa ndi nambala ya katundu. Alamu sanalitenge n'komwe.

"Alamu, amene walandira kalata ku positi si mwini kalata. Bwezani pepala lanu, lingauluke."

Ndinameza zimenezo. Ndinaganiza kuti tivi ikakhala kwa iwo, ndizitha kubwera mwa apo ndi apo, kupempha kuti andiyatsire. Koma kenaka anatulutsa kapulasitiki ka magalasi, n'kuyamba kuwanyamula m'mwamba amodzi amodzi, monga anachitira ndi mipango.

"Awa apite kwa agogo, maso awo amatuluka misozi padzuwa. Awa kwa mnyamata wathu wa kabaza, azitchinga fumbi. Awa..."

Ndinaimirira.

"Pepani, alamu. Tivi ndi magalasi ndi chinthu chimodzi. Mukazilekanitsa mwapha zonse. Zili ngati mtondo ndi munsi."

"Mtondo watenga uyu, munsi watenga uyo," anayankha akuloza ndi chibwano, "ndipo palibe amene walira. Akafuna kusinja azibwerekana. Chibale ndi chimenecho."

Anthu anaseka. Ndinatsegula kabuku pa tsamba la zithunzi n'kuyamba kufotokoza za mizere ndi sefa. Wina kumbuyo anati, "A kalaliki ayamba kuyesa mbewu." Anasekanso. Ndinati tengani tivi, tengani zonse, koma magalasi akhale pamodzi ndi tiviyo, kapena mundipatse amodzi okha. Sindinapemphe mbuzi, sindinapemphe malata amene ndinagula ndi malipiro anga. Ndinapempha kapulasitiki kopepuka ngati tsamba la chimanga.

Amene anayankha ndi mng'ono wa malemu.

"Ayi. Magalasi amenewa asagone nyumba imodzi, ndipo awa asatengeko. Achemwali anga apume. Anagwira ntchito moyo wawo wonse, lero azipetabe nandolo tsiku ndi tsiku m'chipinda chamdima?"

Azimayi anavomereza. Magalasi achitatu anapatsa mdzukulu wina wamkazi, achinayi anatenga mng'ono wa malemuyo.

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira mwana wanga. Ndinkadziwa kuti mawu ake akhoza kusintha zinthu, poti wogula anali iye.

"Bambo, musakangane ndi amalume pa maliro a amayi. Anthu atiseka. Ndi tivi chabe, ndidzatumiza ina."

Tivi chabe. Iye amene ananyamula kamera ija m'manja mwake. Fulashi yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa inali m'thumba la malaya anga ndipo palibe amene anaiwerengera ngati katundu.

Ndinabwerera ku Matandani, kwa ana a mlongo wanga, amene anandipatsa chipinda ndipo amandisamala bwino. Mphunzitsi wina woyandikana nafe ali ndi tivi wamba, ndipo anandilola kuyesa fulashi. Panatuluka akazi anga awiri, wina kumanzere wina kumanja, onse owonda ndi otalika ngati nsungwi, akupeta nthawi imodzi. Mphunzitsiyo anati, "Komabe akuoneka, madala." Ndinathokoza n'kuchotsa fulashi. Amene sanaonepo chenicheni sungamufotokozere.

Ndinadikira tivi ya mwana wanga nyengo yonse ya mvula. Pomaliza anandiuza zoona, kuti mafakitale anasiya kupanga mativi a mtundu umenewo, anthu a kumeneko anatopa nawo, ndipo akale amene amabwera m'sitolo mwawo amakhala osweka. Anati afufuzabe. Pamenepo ndinazindikira kuti tivi imene ndingaifikire ndi imodzi yokha, ili kwa alamu, ndipo chimene ndikusowa ndi magalasi amodzi.

Mvula itatha ndinatsika kuchigwa. Ndinayamba ndi agogo aja. Anandilandira bwino n'kundiuza kuti magalasiwo anali achabechabe, dzuwa linkalowa ngati palibe kanthu, ndiye anapatsa ana kuti azisewera. Ana anandisonyeza chimango chokha, chopanda maso. Kwa mdzukulu wamkazi uja anati anawaiwala m'minibasi. Kwa mng'ono wa malemu sindinafunse n'komwe, chifukwa mnansi wake anandiuza kuti anawaponya m'chimbudzi tsiku lomwe lija, dzuwa lisanalowe.

Anatsala wa kabaza, mwana wa mng'ono wa malemu yemweyo, bambo wa ana awiri amene amayendetsa njinga yamoto pa Lisungwi. Ndinamupeza pa siteji, magalasi ali pamphumi.

"Bambo aakulu! Mwatsika liti? Mwabwera kudzatiwerengera kabuku kaja?"

"Ndabwera kudzatenga amene ali pamphumi pakowo."

"Awa? Pa fumbi ndi abwino, koma padzuwa ndi bodza lenileni. Mukufuna muziyendetsa njinga inunso?"

Ndinapita naye pa sitolo ina n'kumugulira magalasi akuda enieni. Anavala n'kudziyang'ana mbali zonse, anzake akumuimbira mluzu. Anga aja anandipatsa. Miyezi yonseyo ankawapukuta ndi malaya afumbi, ndipo anali okalika ngati pansi pa poto. Mwendo umodzi unali womanga ndi waya. Ndinawavala pomwepo, ndinawerama pa kalilole wa njinga yake, n'kutsinzina diso limodzi. Galasi la diso lotsegula linada bii. Ndinasintha diso, mdima unasamuka. Anali amoyo. Anyamata a pa siteji anaganiza kuti ndikudzikongoletsa.

"Madala akufuna kukwatiranso!" anakuwa wina.

Tivi imene alamu anati akusungira mbumba inali pa msika, m'chinyumba cha malata chimene amaonetseramo mpira kwa olipira pakhomo. Linali Loweruka m'mawa, mabenchi ali opanda anthu. Alamu anali pakhomo akulemba ndi choko matimu a tsikulo pa bolodi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana magalasi ali m'dzanja langa.

"Simunatope nazo, alamu?"

"Ndikupempha kamodzi kokha. Sinditenga kanthu."

Anakanda m'mutu.

"Chabwino. Koma mukaona mutuluke, anyamata abwera posachedwa. Ndipo mlongo wanga wamng'ono uja asamve."

Tivi anaikhomera m'mwamba pafupi ndi denga, m'khola la waya, yoweramira pansi. Rimoti yake yeniyeni inatayika, anali ndi ina yogula pamsika yopanda batani limene ndinkafuna. Koma kabuku ndinali nako, ndipo kamafotokoza njira ina yodutsa m'ndandanda wa pa tivi pomwepo. Wa kabaza, amene ananditsatira chifukwa cha chidwi, anapisa dzanja m'khola n'kulowetsa fulashi. Panatuluka akazi awiri owonda aja. Ndinatsatira kabuku mzere ndi mzere, ndipo awiriwo analowana n'kukhala mmodzi wa mbuu, wa mthunzi pambali, monga mmene ziyenera kukhalira munthu asanavale magalasi. Ndinavala.

Anali a mbuu chimodzimodzi.

Sindinadabwe, poti ndinali pansi kwambiri. Ndinakwera pa benchi, wa kabaza atandigwira lamba kumbuyo. Sizinasinthe. Ndinati abweretse kireti ya mabotolo, aiike pa benchipo. Munthu wa zaka zanga, ndinakwera pa kireti, mutu kutsala pang'ono kugunda malata otentha, maso molingana ndi pakati pa tivi monga kabuku kanenera. Mankhusu anauluka, koma anathera pagalasi. Dzanja linatambasuka, la zala zosawerengeka, ndipo silinatuluke.

Ndinatsinzina diso lamanja. Akazi anga anali ndi mthunzi. Ndinatsinzina lamanzere, mthunzi womwewo. Ndinatembenuza magalasi, ndinawapukuta ndi mpango, ndinapendeketsa mutu. Kenaka ndinavula n'kuyandikiza nkhope pa waya. Galasi la tivi yathu ndinkalidziwa ngati chikhatho changa. Munthu akayandikira ankaona timizere tating'onoting'ono topingasa, ndipo pakona yakumanzere panali kachipsera kamene kanabwera nako kuchokera ku Joni. Timizere panalibe. Kachipsera panalibe.

"Alamu, galasili ndi lomwe lija?"

"Aa, lakale linasweka. Chitsiru china chinaponya botolo timu yake italuza. Ndinapita nayo ku Blantyre, anaikamo lina. Taonani mmene likuwalira, kuposa lanu lija."

"Munawauza kuti ndi tivi ya magalasi?"

"Ndiwauze za magalasi ati? Magalasi tinagawa."

"Losweka lija lili kuti?"

"Ndikanalisunga la chiyani? Si ine inu, wosunga zinyalala m'bokosi."

Nthawi yomweyo mawu anatuluka m'masipika awo akuluakulu a mpira, kudzaza chinyumba chonse: "Bambo ake, mwaima pamenepo ngati chitsa bwanji? Bweretsani thumba!"

Wa kabaza anandisiya lamba. Alamu choko chinawagwa m'manja. Anandithandiza kutsika, ndipo nditaponda pansi alamu anatambasula dzanja.

"Tabweretsani ndione."

Ndinawapatsa. Munthu amene anakana kuvala magalasi mlongo wake ali moyo, amene anawanyamula m'mwamba amodzi amodzi pansi pa mango, anawavala tsopano, waya uli pa khutu, n'kuuza wa kabaza kuti abwereze filimu. Anayang'ana mpaka kumapeto, khosi lili m'mwamba.

"Sindikuona kusiyana," anatero.

"Simudzakuona."

"Kodi mukuti ankaoneka bwanji?"

Ndinawayang'ana. Ndikanatha kuwauza za dzanja lofika pakati pa chipinda, za mpata wa pakati pa mapewa ndi khoma. Ndinawauza kale za mizere ndi sefa pamaso pa mudzi wonse, ndipo anandipatsa mtondo ndi munsi. Ndinatambasula dzanja kuti andibwezere magalasi anga.

Anyamata a mpira anali atayamba kusuzumira pakhomo, wina akufunsa ngati mayi wa nandoloyo ndiye akusewera kutsogolo lero. Wa kabaza anamukalipira, n'kuchotsa fulashi, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ananditengera pa njinga mpaka pokwerera galimoto za kumtunda.

Ndamva kuti alamu amauza anthu kuti anandichitira chifundo, anandiyatsira tivi, ndipo ndinaona ndekha kuti zinali zongoganizira za munthu wokalamba. Mng'ono wa malemu akuti mapemphero ake anayankhidwa. Mwana wanga akaimba amati akufufuzabe, ndipo ndimamuyankha kuti chabwino.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Ndikatseka maso kuti ndiwakumbukire pakhonde paja, amene amabwera tsopano ndi a mbuu aja a m'chinyumba cha mpira, a zala zosawerengeka. Ndiwo ndinawaona komaliza, ndipo akuphimba enawo.

Kabuku kamanena pa tsamba lakumapeto kuti magalasi asungidwe pouma, kutali ndi kutentha, ndipo azipukutidwa ndi kansalu kofewa kokha. Ndimachita zimenezo Loweruka lililonse. Ndikatha ndimawavala, kuyang'ana pa kalilole, n'kutsinzina diso limodzi. Galasi limadabe bii. Iwo alibe vuto lililonse.